Chitsulo cha M'munda wa Mapeyala

Mlongo wanga wamng'ono atapita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, amayi anavina. Ndikunena kuvina kwenikweni, chitenje m'chiuno, pakhomo pathu ku Ndirande, ndipo wina anawajambula n'kunditumizira kuno ku Dublin. Ankati mwana wawo wapita ku dziko la m'Baibulo, akaponda pamene anaponda aneneri. Ine kanemayo ndinamuonera mu Luas, sitima ya m'tauni yochokera ku Tallaght, m'mawa kukuwaza kamvula, ndipo sindinaseke. Nkhondo kumeneko inali itayamba kale. Anthu a m'mayiko ena amene ankalima m'mindamo ambiri anali atathawa, n'chifukwa chake malo anapezeka. Sanaitane ana athu chifukwa chowakonda ayi. Anawaitana chifukwa anzathu anakana kufera mapeyala a eni ake.

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi, chakuti mnyamatayo abwerere kumudzi ali moyo, thupi lake lili lonse. Ndinamulera ndine. Amayi akapita kumsika, iye ankakhala kumsana kwanga, mamina ake onse ankathera pa diresi langa. Ndiye munthu asandiuze kuti ndinkalowerera nkhani za eni.

Chovuta n'chakuti kwa amayi, kunja ndi malo amodzi. Ine ndili kunja, iye ali kunja, ndiye kuti tayandikana. Ankandiuza pa foni kuti, "Loweruka uzikamuonako mlongo wakoyo, usamangokhala." Ndinawafotokozera kuti pakati pathu pali nyanja ndi mayiko ambirimbiri, kuti kuchoka kuno kukafika kumeneko ndi ulendo wa ndege wautali. Anangoti, "Oho," koma sabata yotsatira anandifunsanso ngati ndapitako.

Ntchito yanga kuno ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ndimawasambitsa, kuwaveka, kuwaphikira kachakudya, kenako ndithamangire basi kupita kwa wina. Nthawi imeneyo ndinali ndi agogo ena aamuna ku Rathmines, m'nyumba yakale yozizira ya masitepe olira. Miyendo inali itawakana koma mutu unali bwinobwino. Pa unyamata wawo anali msilikali, anakagwirako ntchito yosungitsa mtendere cha kufupi ndi kumene kunali mlongo wanga, ndipo tsiku lonse ankangopenya nyuzi pa TV, mawu ali pamwamba chifukwa makutu anali atayamba kugontha.

Ine ndinali nditaika apu ina pa foni yanga, imene imalira sayirini ikalira kudera limene mlongo wanga ankakhala. Musandifunse chifukwa chake. Palibe chimene ndikanachita ndili kuno, koma ndinkafuna kudziwa. Inkalira ndili pa mzere mu shopu, inkalira ndili m'tchalitchi, anthu n'kumanditembenukira. Tsiku lina inalira ndikuwapukuta agogowo mapazi, ine thaulo pansi, foni m'manja. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti vuto n'chiyani. Ndinawauza.

Kenako anandifunsa kuti mnyamatayo amakhala m'tauni kapena kumunda. Ndinati kumunda, amathyola mapeyala, ndipo ndinawonjeza kuti mwina ndi bwino choncho chifukwa oponya mabomba amafuna matauni. Ndinawauzanso zimene mlongo wanga ankandiuza, zoti dzikolo lili ndi mizinga yake yophulitsa mizinga inzake m'mwamba, palibe chimene chimafika pansi.

Agogowo sanali munthu wonyengerera. Anandifotokozera pang'onopang'ono, akujambula ndi chala pa bulangeti limene linali pa maondo awo. Anati pali makina amene amaona mzinga ukangonyamuka, ngakhale uchokere dziko lakutali kwambiri, ndipo nthawi yomweyo amawerengera kumene ukagwere. Ukakhala kuti ukulunjika m'tauni, amatumiza wawo kukakumana nawo. Ing'onoing'ono amaiphulitsira pafupi, ikuluikulu yochokera kutali amakaipeza pamwamba penipeni, kumene ndege sifika. Koma mzinga wotchingirawo ndi wodula ndipo sakhala nayo yambiri, ndiye makinawo akaona kuti uwu ukagwera patchire kapena m'munda, amangousiya upite.

"Nanga anthu ali m'mundamo?" ndinafunsa.

Anati makinawo amadziwa mapu, ndipo pa mapu munda ndi munda. Anatinso ngakhale umene auphulitsa m'mwambawo sumasanduka utsi wokhawokha. Zidutswa zimagwa ndithu, zina zazikulu, ndipo zimagwera paliponse.

Ndinamaliza kuwapukuta mapazi, ndinawaveka sokosi, ndinakatsuka makapu. M'khitchinimo ndi mmene ndinayamba kupsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire. Kuchokera pamenepo mawu aja a pa nyuzi ndinayamba kuwamva mwina. Wowerenga nkhani amati mizinga yambiri yaphulitsidwa m'mwamba, ina yagwera pamalo opanda anthu, ndipo nkhope yake imakhala yomasuka ngati akunena za nyengo. Malo opanda anthu. Kumeneko n'kumene kunali mwana wa amayi anga, atakwera makwerero, thumba la mapeyala pachifuwa.

Loweruka lina ndikuchokera ku shifiti ndinakumana ndi chigulu cha anthu pakati pa tauni, atanyamula mbendera ndi zithunzi za ana a mbali ina ya nkhondo ija, a tsidya lina la mpanda wa malire, amene analibe ngakhale makina oti awasankhe kapena kuwasiya. Ndinaima pambali kudikira kuti adutse. Zithunzizo zinandidula mtima, pakuti inenso ndine mayi. Koma sindikanatha kuuza aliyense pamenepo kuti wanga ali mbali inayo, akuthyolera zipatso anthu amene iwo akuwatukwana. Ndinkadana ndi oponya, ndinkadana ndi otchinga, ndinkadananso ndi akuluakulu akwathu amene anaona kuti mankhwala a ulova ndi kukweza ana ndege kupita kumene ena akuthawa. Ndinafika kunyumba mutu ukuwawa.

Mnyamatayo ndiye analibe nazo ntchito. Ankanditumizira makanema a timagetsi tikuthamangitsana kumwamba, iye ndi anzake akuseka kumbuyo kwake.

"Achemwali, kuno ndi Khirisimasi tsiku lililonse," ankatero.

"Khirisimasi ya chiyani, chitsiru iwe? Sayirini ikalira umathawira kuti?"

Anati kumapeto kwa munda kuli chipaipi cha simenti chimene amalowamo, koma mundawo ndi waukulu, ukakhala pakati sungafikeko. Ndiye amangogona chafufumimba, manja kumutu, kudikira kuti zithe. Ankanena zimenezi akudya, ndikumva supuni ikugunda mbale.

Ndinamuuza zonse zimene agogo aja anandiuza. Ndinamuchonderera, ndinamukalipira, tsiku lina ndinalira kumene pa foni, chinthu chimene sindichita. Ndinati bwerera, ndiyesetsa kukupezera chochita kumudzi. Iye anati, "Ndibwerere chimanjamanja? Anthu onse aja anandiperekeza ku Chileka aja ndikawauza kuti chiyani, kuti ndinaopa phokoso? Inuyo kuzizira kwa kumeneko kunakuthamangitsani?" Pakamwa pake pamakhala pakuthwa kuyambira ali mwana, ndipo mutu wake ndi wouma ngati wa bambo athu.

Ndinayesa kudzera kwa amayi, kuganiza kuti mawu awo awamvera. Ndinalemba m'madzi. Makanema omwewo anali atafika kwa iwo, ndipo anali ataonetsa kale amayi anzawo a kumpingo. Anandiuza kuti, "Iwe suona? Moto ukubwera, dzanja likuuzimitsa m'mwamba. Dziko limenelo Mulungu amalitchinga yekha." Ndinati amayi, amenewo ndi makina, ndipo makinawo mwana wanu samudziwa. Anandiyankha kuti kukhalitsa kwa azungu kwandichotsa chikhulupiriro, kenako anayamba kundifunsa za mankhwala awo a miyendo.

Apa ndiyenera kunena za bambo athu, chifukwa popanda iwo zotsatirazi sizingamveke. Bambo anali okhoma zitini. Ankapanga mbaula, ndowa, zothirira mbewu, zonse kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Ife tinakula tikudziwa kuti chitsulo sachidutsa. Ukapeza lata pamsewu, chitseko cha galimoto yakufa, ngakhale kawaya, umanyamula kupita nako kunyumba, ndipo ukafika wopanda kanthu koma wina wakuona ukudutsa chitsulo, madzulo umayankha mlandu. Mpaka pano ine ndikaona makina ochapira atatayidwa kuseri kwa mafulati ku Tallaght, mapazi amachedwa okha. Mlongo wanga ndiye anatengera dzanja lenilenilo. Asanamalize pulayimale ankatha kudula lata mowongoka kuposa anyamata amene bambo anawalemba ntchito.

Itafika nyengo imene mizinga ikuluikulu yochokera kutali inkabwera motsatizana, apu ija inkalira mpaka ndinaichotsa mawu. M'mawa wina ananditumizira chithunzi. Waima pafupi ndi chinthu chachitali ngati thanki ya madzi, chakuda mbali imodzi, chitagona pakati pa mitengo ya mapeyala yothyokathyoka. Dzanja lake lili pamwamba pake, akumwetulira. Anati chimenecho chinagwa masiku apitawo ndipo asilikali anabwera kudzachinyamula, koma tizidutswa tina tatsala m'udzu, ndipo iye watolako kamodzi kooneka ngati paipi yonenepa, kotsekeka mbali zonse. Ananditumiziranso chithunzi cha kapaipiko.

"Chitsulo chake achemwali, bambo akanachiona akanalira. Sichichita dzimbiri ichi. Ndikachidula pakati chituluka kambaula kabwino, tiziwotchera nyama tsiku lopuma."

Ndinamufunsa ngati sanawaletse kugwira zinthu zimenezo. Anavomera kuti kapitawo ananena, koma anati azungu amaopa chilichonse, ngakhale buledi wa dzulo amataya.

Tsiku limenelo ndinali ku Rathmines. Ndinawaonetsa agogo aja chithunzi cha kapaipiko. Anavala magalasi, anayandikitsa foni kumaso, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anazimitsa TV, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anati sakudziwa kuti n'chiyani kwenikweni, koma chinthu chotsekeka chochokera mu mzinga sachigwira, sachisuntha, sachimenya. Anati ndimuimbire pompo, ndisadikire kuti ndimalize ntchito.

Ndinaimba, sanayankhe. Ndinaimbanso ndili pa masitepe, ndinaimbanso ndili pa basi. Kenako ndinamusiyira mawu, ndipo sindinasankhe oti ndinene. Ndinati kataye chinthucho kumene unachitola, uuze kapitawo, usachikhudzenso. Ndinati bambo anamwalira, palibe amene akufunse mlandu wa chitsulo. Madzulo ake anandiyankha ndi mawu ojambula, akuseka. "Achemwali mumadandaula zambiri. Chinazizira kalekale, chinatha ntchito. Chagona pansi pa bedi langa masiku onsewa, chandiluma?"

Pansi pa bedi. Ndinakhala pa mpando wa pa siteshoni ya Luas, masitima akudutsa, osakwera.

Kenako kunali zii. Mauthenga anga ankapita koma osawerengedwa. Ndinadziuza kuti wakwiya chifukwa cha kukalipa kwanga, ndipo ndinkapemphera kuti zikhale choncho, andikwiyire chaka chonse ngati akufuna. Patapita masiku angapo, masana ndikupita kwa gogo wina ku Citywest, foni inalira, nambala yachilendo. Anali mnzake wina wa ku Mulanje amene ankagona naye chipinda chimodzi. Anayamba ndi moni wautali, kundifunsa za ana, za nyengo, za ntchito. Ine ndine Mmalawi, ndimadziwa kuti moni akatalika chotero kumapeto kwake kuli chiyani.

"Achimwene, nenani," ndinatero.

"Ayi, anzathuwa avulala pang'ono."

Pang'ono wa kwathu ndimamudziwa. Bambo atamwalira, ine anandiuza kuti matenda akula pang'ono. Ndiye ndinafunsa mosapita m'mbali ngati ali moyo. Anati ali moyo, ali m'chipatala, akuyankhula. Ndinafunsa kuti chavulala n'chiyani. Anazungulira, anatchula Mulungu, anati madokotala a kuno ndi odziwa ntchito. Pomaliza ananena. Tsiku lopuma mnyamatayo anatulutsa kapaipi kaja kuseri kwa nyumba, anakapanikiza ndi njerwa, anaika tchizulo n'kumenya ndi hamala. Iye amamenya ndi dzanja lamanzere chibadwire, ndiye lamanja ndi limene linagwira tchizulo. Dzanja limenelo madokotala analidula polekezera mkono. Kumaso kunalowa tizitsulo koma maso anapulumuka.

Ndinathokoza mnyamatayo bwinobwino, ndinatseka foni, ndinapita kukagwira ntchito. Ndinawaphikira gogo uja supu, ndinawapesa tsitsi, ndinamvetsera nkhani ya mphaka wawo. Ndikanatani? Shifiti siidziwa zimenezo.

Madzulo ndinafufuza pa nyuzi zonse zimene ndikanatha kupeza. Za usiku umene chinthucho chinagwa analemba kuti makina agwira ntchito bwino, palibe amene wavulala. Akatswiri anakhala pa TV kuyamikira, wina akufotokoza kuti mayiko ena akufuna kugula makina omwewo. Za tsiku limene dzanja linaduka sindinapeze kalikonse. Ndipo mwina akunena zoona, mzingawo sunamupeze, anautola yekha. Anamuuza kuti asagwire, iye anagwira. Ndikudziwa zonsezo, palibe chifukwa choti wina andikumbutse. Koma mwana wa wokhoma zitini wa ku Ndirande ankafuna chiyani pansi pa nkhondo ya anthu ena, kumene zitsulo zimagwa kuchokera kumwamba? Funso limeneli ndilibe woti ndimufunse, ndiye limangondidya ndekha.

Agogo a ku Rathmines ndinawauza. Anandigwira dzanja, anati pepani m'chinenero chawo, kenako anandipempha kuti tsiku limenelo TV ikhale yozimitsa. Tinakhala choncho, ine ndikusita malaya awo, iwo akuyang'ana pawindo.

Amayi tinawauza kuti wavulala chala. Anagwirizana choncho amalume ndi akuluakulu ena kumudzi, poopa kuti BP yawo ingakwere, ndipo ine ndinangotsatira. Amayi anati, "Chala chokha? Mulungu ndi wabwino. Ndinakuuza kuti kumeneko amatchinga." Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi.

Mlongo wanga anakana kuyankhula nane pa kanema kwa nthawi yaitali. Ankangolemba timawu tiwiri titatu, kuti ali bwino, kuti bala likupola. Kenako Lamlungu lina masana, nditangofika kuchokera ku Misa, foni inalira ndipo nkhope yake inatulukira. Anali ataonda, tsaya limodzi lili ndi timabala takuda. Foni anali ataiimika patebulo, ndipo mkono wamanja anauika pansi kuti ndisauone.

"Achemwali, mwawina," anatero. "Akunditumiza kumudzi."

Ndinali nditakonzekera kumukalipira. Mawu ndinali nawo, ndinkawayeseza m'basi masiku onse aja. Palibe ngakhale limodzi limene linatuluka. Ndinangofunsa ngati akudya.

Anati akudya. Anayang'ana kumbali, anakanda pamphuno, kenako anati ali ndi funso, koma ndisaseke. Anati kuchipatala anamuphunzitsa zambiri koma ankafulumira, ndipo chizungu chawo iye sankachimva bwino. Anati, "Inu paja mumaveka nkhalamba zofa ziwalo. Mabatani a malaya munthu amamanga bwanji ndi dzanja limodzi? Ndayesa, akungopulumuka. Sindikufuna kukatsika ndege ndi malaya omangidwa ndi munthu wina, amayi ali pomwepo."

Ndinamuuza kuti adikire. Ndinapita kuchipinda, ndinatenga malaya a yunifomu yanga, ndinawavala pamwamba pa diresi la kutchalitchi. Foni ndinaitsamiritsa pa botolo la mafuta ophikira, ndinabwerera m'mbuyo kuti andione bwino, ndipo dzanja langa lamanja ndinalibisa kumsana.

"Uyambire pansi," ndinatero. "Batani lapansi ndi limene umaliona. Chala chachikulu chikankhe batani, cholozera chitsegule bowo. Usakoke nsalu, ingoitsamiritsa pamimba."

Anayesa, linapulumuka. Anatukwana pang'ono, anapepesa, anayesanso. Apa mkono uja unakwera wokha kudzathandiza, monga unazolowera, ndipo ndinauona koyamba, wokulungidwa bandeji yoyera, wothera pamene sipayenera kuthera. Anazindikira kuti ndaona. Tinayang'anana.

"Bwerezanso," ndinatero. "Nthawi ilipo."

Atayesa kachitatu, linalowa. Sanasangalale, anangopita pa batani lotsatira, mutu uli pansi, ndipo ine ndinaima pomwepo m'khitchini, dzanja kumsana, mpaka anafika pakhosi.